Usufu ukuuluka, ife tikugula siponji

Mukafika ku Nkhotakota chakumapeto kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mudzaona tinthu toyera tikuyandama m'malere ngati wina wasosolera nkhuku pamphepo. Timatera paliponse: pa usipa woyanika pathandala, m'ndowa ya madzi akumwa, m'tsitsi la mwana amene wangosamba kumene. Mlendo amafunsa ngati pali munda wa thonje pafupi. Eni mudzi amangoloza kumwamba ndi mlomo. Kumeneko, pa nthambi zopanda tsamba ndi limodzi lomwe, makoko ali lendelende, ena atang'ambika kale n'kumalavula ubweya. Umenewo ndiye usufu.

Chaka chatha nyengo ngati yomweyi ndinapita kumudzi kukazonda amalume. Ndinapeza alamu anga akusesa pabwalo kachitatu tsiku limenelo, nkhope itachita tsinya. Moni tisanamalize n'komwe anandiyamba: "Alamu, mtengo wa agogo anuwu watikwana. Ndiwo sitingaphikire panja, zovala sitingayanike. Tapeza kale mnyamata wa nkhwangwa." Ndinaseka, koma mtima unandiwawa. Usiku anandiyalira bwinobwino n'kundipatsa pilo wa siponji wogula kumsika, wophwatalala ngati chitumbuwa chopondedwa, moti ndinachita kumupinda pawiri kuti khosi lipeze pokhala. Panja pa zenera, ubweya wokwanira mapilo a nyumba zonse za pamudzipo unali kupita ndi mphepo.

Inu a ku Dedza kapena ku Ntchisi mwina simunauonepo mtengowu, choncho ndiufotokoze. Thunthu lake ndi lowongoka, khungwa limakhala lobiriwira ukakhala waung'ono ndipo limatuwa ukamakalamba. Nthambi zimatuluka chopingasa, kawirikawiri zitatuzitatu pamsinkhu umodzi, kenaka kampata, kenaka zina zitatu, moti ukauonera patali umaoneka ngati munthu watambasula manja. Masamba ake amafanana ndi a chinangwa: timasamba 5 mpaka 9 pa phesi limodzi ngati zala za dzanja. Mitengo ina imakhala ndi minga yonenepa pathunthu, ina ndi yosalala. Ikakula kwambiri mizu imatukuka patsinde n'kukhala ngati zipupa, ndipo ife tili ana tinkabisala m'menemo mwezi ukamawala.

Akatswiri a zomera amautcha Ceiba pentandra, ndipo amauika m'banja limodzi ndi thonje, therere lobala ndi mlambe. Uli ndi m'bale wake wa m'nkhalango zakuno, mtonjemanga, koma ubweya wa uyo ndi wofiirira. Usufu kwawo kwenikweni ndi kumadera otentha a America, kuyambira ku Mexico kutsetsereka mpaka ku nkhalango ya Amazon, komanso m'nkhalango za kuzambwe kwa Africa. Kumeneko mitengo yamtchire imatha kupitirira mamita 60 kutalika. Imene tili nayo kunoyi ndi mtundu wobzala, wofupikirako. Dzina lake lokha likuulula njira imene unadzera: m'Chiswahili mtengowu ndi msufi, ubweya wake ndi sufi, mawu ochokera ku Chiarabu otanthauza ubweya wa nkhosa. Amene akudziwa mbiri ya Jumbe ndi amalonda ake a Chiswahili, omwe anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840 n'kumaoloka nyanja ndi zombo zamatanga, sangadabwe kuti dzinali linazika mizu kunyanja kuno. Ku Tanganyika nako Ajeremani anaubzala m'minda ikuluikulu nthawi ya ulamuliro wawo.

Anthu ambiri amene akhala pansi pa mtengowu moyo wawo wonse sanaonepo duwa lake litamasula. Si kusasamala ayi, n'chifukwa chakuti limamasula usiku. Chisanu chikamatha, masamba atayoyoka, timaluwa toyera motuwira timatuluka m'magulumagulu kunsonga za nthambi. Timatseguka kukamachita chisisira, ndipo fungo lake limakhala ngati la chambiko. Agogo aamuna anandikhazikapo pamzu tsiku lina madzulo nati ndikhale chete, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mdima utangogwira kunabwera mileme, kuphupha, kulira, kulowetsa mitu m'maluwa kumwa timadzi totsekemera. Ikamachoka pa duwa ili kupita pa ilo imanyamula mungu pa ubweya wake. M'mawa njuchi zimadzamaliza zotsalira, ndipo pofika masana maluwa aja amakhala ali pansi. Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kugenda mileme ndi legeni. Pakapita miyezi pafupifupi itatu makoko amakhala atakhwima, kutalika kwake ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ooneka ngati nkhaka yosongoka mbali zonse.

Apa ndiye pagona luso lonse, ndipo ndi luso limene alamu anga sanaphunzitsidwe: usufu sudikira kuti ugwe wokha. Khoko likasiya kubiriwira n'kuyamba kufiira ndi kukwinyika, nthawi yokolola yakwana. Ukachedwa sabata ziwiri limang'ambika lili m'mwamba, ubweya n'kubalalika, wogwa pansi n'kudetsedwa ndi fumbi. Agogo aakazi ankayang'ana m'mwamba m'mawa uliwonse, dzanja lili pamphumi, mpaka tsiku limene ankanena kuti, "Ana inu, katengeni nsungwi." Nsungwi yaitali ija kunsonga ankamangirirako ngowe yachitsulo. Umakola phesi la khoko, kupotoza pang'ono, khoko n'kugwa. Kukwera mumtengo ankatiletsa ndi mawu aukali, chifukwa nthambi za usufu zimaoneka zonenepa koma zimathyoka ngati phesi la chimanga.

Makoko aja tinkawayanika pamphasa masiku awiri kapena atatu. Akauma amang'ambika mosavuta, zigawo zisanu, ukangowamenya pang'ono ndi kamtengo. M'kati mumapezeka ubweya wothinana, wonyezimira, woterera m'manja ngati sopo, utakuta njere zakuda zozungulira, zochepa pang'ono poyerekeza ndi nandolo. Pakati penipeni pali kamtima kolimba, kameneko n'kotaya. Ubweya tinkauunjika m'dengu lalikulu, pamwamba n'kuphimba ndi ukonde wakutha kuti usathawe, ndipo tinkagwira ntchitoyi m'mawa mphepo isanadzuke. Agogo ankamanga mpango kukamwa ndi mphuno, n'kutenga kamtengo kamphandamphanda kunsonga, kukalowetsa m'dengu n'kumakapota pakati pa zikhatho. Ubweya unkatukuka n'kudzaza dengu lonse, njere zikugwera pansi, kumangomveka wayawaya. Ankabwereza kawiri kapena katatu. Ine ndi ulesi wanga ndinafunsapo kuti, "Agogo, njere ziwiri zitatu zikatsala zilakwa chiyani?" Anandiyankha kuti ndikafunse makoswe. Njerezo zili ndi mafuta, ndipo khoswe akazinunkhiza amaboola matilesi usiku umodzi.

Pilo mmodzi wokhuta amadya makoko oposa 100. Matilesi ndiye ntchito ya nyengo yathunthu, nthawi zina ziwiri. Telala ankasoka chikuto cha nsalu yokhuthala n'kusiya kukamwa mbali imodzi. Agogo ankayamba kudzaza m'makona, kukankha ndi ndodo, kenaka pakati, osapanikiza kwambiri koma osasiyanso mphako. Akatseka kukamwa kuja ankatenga singano yaitali ngati chikhatho ndi ulusi wokhuthala, kuboola kuchokera pamwamba mpaka pansi, kumanga mfundo pa kansanza kopinda, kenaka kutambasula zala kuyeza mpata n'kuboolanso. Mfundo zimenezo ndi zimene zimagwira ubweya kuti usathawire mbali imodzi. Matilesi opanda mfundo amakhala phiri kumiyendo ndi chigwa kumsana mwezi usanathe. Pakapita masabata angapo ankawatulutsa padzuwa, kuwamenya ndi ndodo, ndipo madzulo ankakhala atatukukanso ngati atsopano. Zaka zikapita ubweya wina umafumbutuka n'kusanduka fumbi, pamenepo umasula mbali imodzi n'kuwonjezera watsopano. Siponji ikaphwa yaphwa, palibe dzuwa limene lingaidzutse. Chikomekome cha mkuyu: m'sitolo imaoneka yonenepa, koma muifunse pakatha chaka.

Chimene chimachititsa zonsezi ndinachimvetsa nditakula. Kaubweya kalikonse ka usufu ndi kachubu kobowoka m'kati, ndipo magawo pafupifupi 80 pa 100 alionse a kachubuko ndi mpweya. Kunja kwake n'kokutidwa ndi phula lopyapyala. N'chifukwa chake ndi wopepuka kuposa thonje kutalitali, sutentha thupi usiku wa chilimwe, ndiponso sumwa madzi msanga. Yesani nokha: ponyani kachipukutu ka thonje ndi ka usufu m'ndowa ya madzi. Pakapita nthawi thonje limanyowa n'kumira, usufu umangoyandama pamwamba. M'madzi umatha kunyamula katundu wolemera kuwirikiza ka 20 kapena kupitirira kulemera kwake. Madzi umawakana koma mafuta umawamwa kwambiri, moti akatswiri akhala akuuyesa pochotsa mafuta otayikira m'nyanja.

Pali kusiyana kwinanso ndi thonje. Ubweya wa thonje umamera pa njere n'kuigwira zolimba, n'chifukwa chake pamafunika makina a kujinala kuti zilekane. Wa usufu umamera kukhoma la m'kati mwa khoko, njere zimangokhalamo ngati alendo, n'chifukwa chake kamtengo ka agogo kankakwanira. Koma mwayi uwu uli ndi tsoka lake. Ubweyawu ndi waufupi, woterera ndi wosachedwa kuduka, choncho supoteka kukhala ulusi. Makolo amene ankaluka nsalu za thonje sakanatha kuluka za usufu. Masiku ano mafakitale ena amausakaniza ndi thonje kuti apeze ulusi, koma ntchito yake yaikulu idakali yodzazira zinthu.

Panali nthawi imene ubweya umenewu unali nkhani ya maboma ndi asilikali. Dzina limene dziko lonse limaudziwira, kapok, ndi mawu a Chimalay, chifukwa malonda ake anakulira pa chilumba cha Java, ku dziko lomwe lero ndi Indonesia, panthawi imene linkalamulidwa ndi Adatchi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, usufu wambiri wogulitsidwa padziko unkachokera kumeneko, ndipo unkadzaza matilesi, mipando, ndi majekete oyandamitsa munthu m'madzi amene amalinyero ndi oyendetsa ndege ankavala. Mu 1942 asilikali a Japan analanda Java, njira ya usufu n'kutsekeka. Dziko la America linasowa pogwira mpaka linatuma ana asukulu kuti azitola makoko a chitsamba china chakutchire chotchedwa milkweed, chomwe ubweya wake umayandamanso, kuti adzazire majekete a asilikali. Nkhondo itatha kunabwera siponji ndi ubweya wopangidwa m'mafakitale, ndipo malonda a usufu anagwa. Indonesia ndi Thailand akuulimabe, ndipo ku Ulaya mapilo a usufu abwereranso m'masitolo ngati katundu wachilengedwe wa anthu a ndalama zawo. Zimene alamu anga amasesa n'kutentha, kwina amazigula modula.

Pano ndiyenera kuchenjeza abale anga asodzi, poti ndikudziwa kuti wina wawerenga za majekete zija n'kuyamba kale kuganiza zosoka thumba. Musatero. Usufu ukakhalitsa m'madzi, makamaka ukakhudzana ndi petulo kapena oyilo wa injini, umalema n'kusiya kuyandama. N'chifukwa chake opanga majekete aja anayamba kuutsekera m'timatumba tapulasitiki tosalowa madzi, ndipo pambuyo pake ambiri anausiya. Panyanja valani jekete yeniyeni. Usufu ukhale kuchipinda.

Ngakhale kuchipindako uli ndi mdani mmodzi woopsa: moto. Izi sindinachite kumva. Msuweni wanga akukonzekera mayeso a Sitandade 8 ankawerenga pakhonde ndi koloboyi, dengu la ubweya wopeta kale lili chapafupi. Anagwedeza mkono pothamangitsa udzudzu, koloboyi n'kupendekeka. Sindinaonepo moto wothamanga chotero. Lawi linangoti phuu, kuyenda pamwamba pa dengu lonse nthawi imodzi ngati pathiridwa petulo, n'kumuwaula nsidze mnyamatayo asanaimirire n'komwe. Mwayi wake denga la khondelo linali lalitali. Kachubu kodzaza mpweya kokutidwa ndi phula ndi chakudya cha moto chenicheni. M'matilesi moto wake ndi wachinyengo: kunja umaoneka ngati wazima, m'kati ukunyeka pang'onopang'ono. Matilesi a usufu akagwira moto wa ndudu kapena kandulo, atulutseni panja, ng'ambani pamalo popsapo ndi kuthira madzi m'kati. Ubweya wosadzaza sungani m'matumba omanga, kutali ndi kukhitchini. Ndipo amene ali ndi mphumu asakhale pafupi pomwe ena akupeta, fumbi lake limatsamwitsa.

Tsono kabzalidwe. Choyamba ndi malo, chifukwa usufu ndi mtengo wa kotentha. Umakondwa kumadera otsika ngati m'mphepete mwa nyanja, yomwe ili mamita pafupifupi 500 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, kuyambira ku Karonga, Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima mpaka ku Mangochi, ndiponso kuchigwa cha Shire. Kumapiri ozizira utha kumera n'kukula ndithu, koma makoko amakhala ochepa kapena osaoneka n'komwe, chifukwa usiku ukazizira kutsika madigiri 17 nthawi ya maluwa, mungu sugwira bwino ntchito. Umafuna mvula yokwanira pamene ukuphuka masamba, ndi chilimwe chouma pamene ukuchita maluwa ndi kukhwimitsa makoko, ndipo nyengo zathu zimagawika momwemo. Nthaka ikhale yakuya, yosasunga madzi. M'dambo lodikha madzi mizu imaola. Mthunzi suufuna ngakhale pang'ono.

Njira zobzalira zilipo ziwiri. Ya njere ndi yosavuta: tengani njere za chaka chomwecho, poti zokhalitsa sizimera bwino, ziviikeni m'madzi usiku umodzi, fesani m'machubu odzaza dothi losakaniza ndi manyowa. Masabata awiri asanathe zimakhala zitamera. Mbande zikafika m'mawondo, mvula itakhazikika, kaziokeni m'mayenje othira manyowa. Njira yachiwiri ndi imene agogo ankaikonda, yodula nthambi. Ankasankha mtengo umene amaudziwa kuti umabereka kwambiri ndipo ulibe minga, n'kudulako nthambi yowongoka, yonenepa ngati mkono wa mwana, yotalika mamita awiri kapena kucheperapo pang'ono, n'kuizika mvula yoyamba ikagwa. Nthambi yoteroyo imatenga khalidwe lonse la mayi wake, pamene njere imatha kukupatsa mtengo waminga kapena waulesi pobereka. Imayambanso kubereka msanga. Kuipa kwake n'kwakuti mizu yake silowa pansi kwambiri ngati ya mtengo wa njere, ndipo chiswe chimaikonda isanagwire. Agogo ankathira phulusa m'dzenje ndi kuzungulira tsinde, n'kumayenderapo pafupipafupi.

Mdani wamkulu wa mtengo waung'ono ndi mbuzi. Masamba a usufu zimawakonda ngati ndiwo zamafuta, ndipo zikamaliza masamba zimakungunula khungwa. Tchingirani ndi minga kapena nsungwi zaka ziwiri zoyamba, lambulani udzu kuti moto wolusa usafike, basi. Ukapulumuka pamenepo umakula mothamanga modabwitsa, chaka chilichonse umakusiyani mukuyang'ana m'mwamba. Makoko oyamba amaoneka pakatha zaka 3 mpaka 5, zokolola zimakhuta mtengo ukamayandikira zaka 10, ndipo umaberekabe kwa zaka makumi angapo. Wa pabwalo pa amalume unabzalidwa mayi anga asanakwatiwe, ndipo mpaka lero sunaphonyepo chaka.

Mukabzala yambiri, siyani mamita 7 kapena 8 pakati pa mtengo ndi unzake. Zaka zoyambirira mutha kulima mtedza, chinangwa kapena chimanga m'mipatamo. Ku Java alimi amaubzala m'malire a minda ndi m'mbali mwa misewu, ndipo ena amayanzikako mipesa ya tsabola wakuda. Kunonso nthambi zozika mondondozana zimasanduka mizati yamoyo ya mpanda, yosafuna kusintha chaka ndi chaka ngati mitengo youma imene chiswe chimadya.

Ndisakunamizeni kuti alamu anga analibe mfundo. Agogo analakwitsa chinthu chimodzi: anabzala pafupi kwambiri ndi nyumba. Nthawi imeneyo nyumba inali yaudzu, yozira ndi dothi, ndipo mzu ukatukula pansi ankangozira kachiwiri. Amalume atamanga ya njerwa zootcha, mizu ija inang'amba simenti ya kukhitchini kuchokera pakhomo mpaka kukhoma. Mizu ya usufu imayenda pamwambamwamba ndiponso patali. Onjezani nthambi zimene zimathyoka mwera ukakalipa, muona kuti mtengowu malo ake ndi kumalire a munda kapena kumapeto kwa bwalo. Ine ndinganene kuti mamita 15 kuchokera pa nyumba, chimbudzi kapena chitsime, ndipo kuposa pamenepo n'kwabwino koposa.

Alimi a thonje a ku Salima, Balaka ndi Chikwawa ali ndi chifukwa chinanso chochenjerera. Mukudziwa tizilombo tofiira ta madontho akuda tija, timene timayenda tiwiritiwiri titalumikizana kumbuyo, toboola zipatso za thonje n'kuthimbiriza ubweya? Thonje likazulidwa m'munda timasamukira pa njere za usufu ndi za malambe zogwa pansi, n'kumaswana pamenepo kudikira thonje la chaka chamawa. Mtengo wosakololedwa ndiye khola lake. Mukakolola makoko asanang'ambike ndi kusesa njere zotsalira, mwatitsekera nkhokwe. Koma kubzala usufu m'mphepete mwenimweni mwa munda wa thonje, ine sindingakulimbikitseni.

Njere zimene zatsala pansi pa dengu zija si zinyalala. Zili ndi mafuta okwana magawo 20 mpaka 25 pa 100, amene kumaiko olima usufu wambiri amawafinya n'kupangira sopo ndi utoto, ndipo kale ankayatsira nyale. Kuphikira ndiwo tsiku ndi tsiku ayi, chifukwa muli timichere tina tosayanjana ndi thupi tikachuluka, ndipo pa chifukwa chomwecho musadyetse nkhuku njerezi kapena zotsalira zake zambiri. Zikaphwanyidwa n'kuolerana zimakhala manyowa abwino. Masamba anthete anzathu a kuzambwe kwa Africa amawayanika, kuwasinja n'kuthira mu msuzi kuti uterere ngati therere, zomwe sizodabwitsa poti ndi pachibale. Makoko ouma agogo ankasonkhezera moto, phulusa lake n'kuchezera chidulo. Pa mtengo wonse chinthu chochepa phindu kwa ife ndi thabwa lake. Ndi lopepuka, lofewa, limafumbwa msanga ndipo likanyowa limaola. Kuzambwe kwa Africa, komwe mitengo yake ndi zimphona, amasemera mabwato akuluakulu ndi kusenda timatabwa topyapyala tomatira pulayiwudi. Koma ngati nkhuni limangolilima kamphindi n'kusiya utsi, makala ake ndi a chabechabe. Mnyamata wa nkhwangwa uja akanagwetsa mtengo wa zaka zoposa 50 n'kupeza nkhuni zosapsereza ngakhale nyemba.

Kwina mtengo womwewu amaupatsa ulemu wa mfumu. Amaya a ku Central America ankakhulupirira kuti umalumikiza kumwamba, dziko lino ndi kunsi kwa nthaka, ndipo lero ndi mtengo wa fuko la Guatemala. Uli pa mbendera ya Equatorial Guinea. Pakati pa mzinda wa Freetown ku Sierra Leone panali usufu waukulu wotchedwa Cotton Tree, umene mbiri ya kumeneko imati akapolo omasulidwa anasonkhana pansi pake kupemphera atafika mu 1792. Unajambulidwa ngakhale pa ndalama zawo. Utagwa ndi mvula yamkuntho usiku wa pa 24 Meyi 2023, dziko lonselo linalira ngati lataya gogo.

Ine sindinapemphe alamu anga kuti alire. Ndinangowapempha sabata imodzi. M'mawa mwake ndinagula nsungwi ziwiri, wosula zitsulo wa pamsika anandipindira ngowe, ndipo ana a pamudzipo anagwetsa makoko onse amene anali asanang'ambike. Ambiri anali atapita kale, tinachedwa. Amalume, ngakhale anali odwala, anakhala pampando wandalema n'kumatilangiza kapotedwe ka kamtengo kaja, akuseka kuti manja anga a m'tauni aiwala ntchito. Telala anatisokera zikuto zinayi. Titadzaza, alamu anga anatenga pilo mmodzi, kumufinya, kumununkhiza, kumuika patsaya. Sananene kanthu. Tsiku lonyamuka ndinapeza m'chikwama changa muli mapilo awiri okha, ena awiri atalowa kale kuchipinda kwawo. Tinagwirizana zodula nthambi ziwiri zimene zinayang'ana padenga, ndipo zidutswa zake zowongoka tinazizika kumalire a munda mvula itagwa. Zitatu zagwira, chimodzi chinadyedwa ndi chiswe.

Mtengo uja ulipobe. Ngati nanunso muli nawo pakhomo kapena kumunda, yambani kuyang'ana m'mwamba Seputembala akamatha, ndipo nsungwi ndi ngowe zikhale zili pafupi makoko asanayambe kufiira.